Katungwe Wachikasu Akudikira Mlendo

Lolemba, 6 Meyi

"Bwalo ili lamangidwa kuti mwana aliyense wa ku Khuyu azisewera mwaufulu ndi motetezeka tsiku lililonse." Akutero mawu a pachikwangwani chomwe azika m'mawa uno moyang'anizana ndi khonde langa. Zilembo zofiira, pansi pake dzina la bungwe lomwe latithandiza, Mwana Asewere, ndi chithunzi cha ana awiri onenepa omwe sindinawaonepo pachilumba pano. Ndikangodzutsa mutu pamakina osokera, maso akugwera pomwepo. Pofika masana ndinali nditawaloweza ngati katekisimu.

Bwalolo latha, sindingatsutse. Akatungwe atatu, chitsulo chotsetserekapo, makwerero opita m'mwamba osafika kulikonse, mchenga woyera pansi, ndi pakona simenti yosalala ya phada. Kuzungulira konse mpanda wa waya wotalika kuposa munthu. Pachipata loko wonga wa pagolosale.

Ndilembe mmene panalili, poti anthu ayamba kale kuiwala. Pamalopa ana akhala akusewerapo kuyambira kale, inenso mawondo anga ali ndi zipsera za pomwepa. Mvula ya mu Malichi itagwetsa nyumba za kumtunda n'kukumba chigwembe kuseri kwa nyumba ya mnzanga Mervis, nyanja nayo itakwera n'kumeza mchenga wonse wa kudoko, malo osalala otsala anali bwalo lafumbi lomweli. Linakokoloka mbali imodzi, komabe fulaye ndi mpira wachikulunga zinkachitika madzulo aliwonse. Kenako kunabwera thandizo. Thandizo litabwera, ana anauzidwa kuti achokepo kaye.

Tione wanga wachokera kusukulu, osavula n'komwe yunifolomu, wakaima pawaya. Pobwera akuti, "Amayi, mawa atsegula?" Ndati kafunse a Basil, wapampando wa komiti ya bwalo, mkulu wa mpingo, munthu yemwe amavala jekete ngakhale pokagula mchere. Wapitadi. Amuuza kuti chinthu chatsopano sachikhudza chisanadalitsidwe ndi kutsegulidwa ndi mlendo.

Mlendo wake uti? Akuti wolemekezeka, mkulu wa bungweli, wochokera ku Lilongwe. Ndizimulemba M.W., a Basil ndiziwalemba a B., Tione T., inki ingandithere.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ana madzulo onse ali pawaya, zala m'mabowo, ngati anthu odikira sitima. A B. awathamangitsa ndi kamtengo, akuti apinda mpanda.

T. wasankha kale wake: katungwe wapakati, wa mpando wachikasu. Wachenjeza Natasha wa kwa Mervis kuti asadzamukhudze. Akangana mpaka kulira, kulimbirana chinthu chomwe onse awiri sanachigwirepo.

Lachinayi, 9 Meyi

A Davis, woyang'anira ntchitoyi wochokera ku Mzuzu, abwera ndi thalauza kuti ndiwapindire miyendo. Akukonzekera Loweruka, tsiku la M.W. Ndawakhazika pabenchi. Munthu yemwe thalauza lake lili pamakina sathawa mafunso.

Ndati, "A Davis, bwaloli ndi la ndani?"

"La ana, mama."

"Nanga anawo ali kuti?"

Ayang'ana kumpanda, ayang'ana nsapato zawo. Akuti iwo ngati bungwe ntchito anamaliza, zotsala ndi za eni mudzi, ndipo lamulo la kuntchito kwawo ndi losalowerera zomwe komiti yagwirizana. Kiyi anapereka kwa a B. tsiku lomwe penti inauma.

Madzulo ndakumana ndi a B. panjira ya kumpopi. Iwo akuti ndi a bungwe omwe akufuna kuti M.W. adzapeze zonse zili zatsopano. Choncho loko uja alibe mwini. Anadzikhoma yekha.

Ana asamukira kuchigwembe. Phokoso lawo likumveka mpaka pakhonde pano. Adula zigubu zakale pakati, akukhalamo n'kumatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. T. wabwera kumbuyo kwa diresi kuli dothi lokhalokha, akuseka. Ndamukalipira chifukwa cha diresi koma mtima unali pa zina. M'chigwembemo ndi momwe madzi anakokera malata a nyumba zogwa, misomali, mabotolo, mbale zosweka. Zonse zili m'dothi, nsonga zokha ndi zomwe zili kunja. Ndamuletsa. Wati "chabwino amayi" mwa njira yake ija yotanthauza kuti mawa apitanso.

Ndimuuze akasewere kuti? Kudoko, pomwe tinkayanika zovala, lero munthu wamkulu madzi akumulekeza m'chiuno.

Loweruka, 11 Meyi

Sitima yabwera. M.W. sanabwere. Akuti anafika mpaka ku Nkhata Bay, ataona mwera anabwerera. Sindikumunena, nanenso ndikanakhala ndi kosankha sindikanakwera. Koma kwaya inali itachapa mayunifolomu, amayi anali atasesa kuchokera pachipata mpaka kumsewu, ndipo mbuzi ya mwambo inali itafa kale. Yadyedwa ndi komiti, kuopa kuti ingawonongeke.

Madzulo a B. abwera ndi sipanala, amasula mipando ya akatungwe pamodzi ndi matcheni ake, n'kukweza pa wilibala. Ndafunsa ndili pakhonde. Akuti asodzi angabe matcheniwo kukamangira nangula. Mervis anali pafupi ndi dengu lake la usipa, wayankha: "Amuna anga nangula wawo ndi mwala ndi chingwe kuyambira pomwe ndinakwatiwa. Lero ayambe kusirira matcheni achikasu kuti nsomba ziziwaona kukongola?" A B. sanatembenuke.

T. anali pomwepo. Waona mpando wake ukugwedezeka pa wilibala kulowera kumtunda. Sanalire. Wangofunsa ngati kwa a B. kuli ana. Kulibe. Onse anakula, ali ku Blantyre ndi ku Joni.

Lamulungu, 12 Meyi

Potuluka m'tchalitchi ndawadikira abambo ansembe pakhomo. Ndawafunsa ngati kudalitsa bwalo kumafuna munthu wa ku Lilongwe. Aseka. Akuti, "Amake Tione, ine ndingabwere ngakhale mawa m'mawa. Madzi pachilumba pano chaka chino sakusowa." Ndinayamba kusangalala. Koma a B. anali kumbuyo kwanga, sindinawaone. Akuti mwambo unakonzedwa kale: pemphero, dalitso, kudula riboni, zolankhula, magule. Mukachotsapo dalitso, M.W. adzaonera chiyani? Abambo atambasula manja, akuti iwo amapita komwe komiti yawaitana.

Riboniyo ndinasoka ndine, ndi nsalu yotsala ya makatani. Ndikanadziwa.

Lachiwiri, 14 Meyi

Tchuthi, kusukulu kulibe. Ndayesa kumusunga T. pakhonde. Ndamupatsa tizidutswa ta nsalu ndi singano kuti asoke kadole. Zayenda mpaka pomwe kukuwa kunayamba kuseri. Ndawerama kulowetsa ulusi, podzutsa mutu pamphasa patsala kadole kopanda mikono.

Maria wa ku Cobue kutsidya kwa nyanja, uja amabwera ndi nkhuni pabwato, wadzatenga diresi lake. Sanabwere kuno kuyambira ntchito isanayambe. Waima n'kuyang'anitsitsa mpanda, mchenga wosesedwa, timaluwa tomwe a B. adzala m'mbali, zitsulo zopanda mipando. Watsitsa mawu mwaulemu, akundiitana mchemwali mwa kwawo, akuti, "Mana, wamwalira ndani? Manda ake akongola."

Ndaseka mpaka kutsokomola. Nditasiya kuseka ndakwiya kuposa poyamba.

Lachitatu, 15 Meyi

Msonkhano pansi pa mango kwa a B. Ndinaupempha ndine, ndiye ndinayenera kuyankhula. Ndavala chitenje chabwino kuti asanene kuti ndabwera kudzayambana.

Ndanena mwaulemu. Ana ali m'chigwembe, m'chigwembe muli malata. Tsegulani madzulo okha, ine ndili pakhonde pomwepo ndiziyang'anira. M.W. akamadzabwera tidzatsuka chitsulo chilichonse ndi sopo, nsanza zopukutira ndidzapereka ndine.

A B. aimirira, akonza jekete. Akuti, "Mayi Frances, kwanu kulibe mbale za alendo?" Ndati zilipo. "Mumadyeramo Lachitatu?" Anthu aseka. Apitiriza: malaya a Khirisimasi savala mu Novembala, bwato latsopano saliponya m'madzi lisanapemphereredwe, ndi mmene tinaleredwera pachilumba pano, makolo athu sanatiphunzitse kuthamangira zinthu. Kenako atsitsa mawu n'kunena zenizeni zomwe zili mumtima mwawo. Mlendo akadzapeza penti itasupuka adzati anthu a ku Likoma sasamala, ndipo akadzakhala ndi china chopereka adzapita nacho kwina. "Ife tili kutali, anzanga. Munthu akatikumbukira kamodzi, tisamuchititse manyazi."

Pamenepa mitu yonse inagwedezeka kuvomera, ngakhale ya anthu omwe ana awo ndinkawamva akukuwa kuchigwembe nthawi yomweyo. Sindikuti a B. ndi munthu woipa. Nthawi ya mvula ndi iwo anagoneka mabanja ogweredwa nyumba m'chipinda chawo chochezera, osadandaula. Koma pachilumba pano timaopa manyazi kuposa lata.

Ndati, "Mbale ikamadikira mlendo sipita kukasewera m'chigwembe." Ndanena mochedwa, anthu atayamba kale kupukuta fumbi pazitenje. Mervis yekha ndiye wamva. Akuti, "Ukanayamba ndi imeneyo, iwe."

Agwirizana kuti makolo aletse ana kupita kuchigwembe. Basi. Nkhani yatsekedwa ndi pemphero.

Lachisanu, 17 Meyi

Zachitika.

Ndinali pamakina, Natasha wabwera akuthamanga, osatha kuyankhula, akungoloza kuseri. Ndinadziwa ndisanafike. T. ali pansi penipeni pa chigwembe, wagwira phazi, magazi akutuluka pakati pa zala. Chigubu chinatembenuka, iye podumpha n'kuponda lata lomwe linali chiimire m'dothi ngati mpeni. Kuchokera pachidendene mpaka pakati pa phazi.

Ndamanga ndi chitenje, ndamubereka. Mwana wa sitandade 3 kumsana njira yonse ya kuchipatala ku Chipyela, Mervis akuthamanga pambali atagwira phazilo m'mwamba. Podutsa pabwalo, a B. anali m'kati okha akuthirira maluwa awo. Atiwona. Akweza dzanja ngati akufuna kunena kanthu. Sindinaime.

Kuchipatala atilandira bwino. Amubaya jakisoni wa kafumbata, amusoka. Ndimasoka tsiku ndi tsiku, koma singano itayamba kulowa m'mwana wanga ndinayang'ana kukhoma. T. anandiluma padzanja, mano ake akuonekabe. Namwino akuti asaponde pansi mpaka ulusi udzachotsedwe.

Pobwerera, ali kumsana, mutu pa phewa langa, wandifunsa: "Amayi, pa katungwe amapondera phazi?" Ndati ayi, amangokhala. Akuti, "Ndiye nditha."

Loweruka, 18 Meyi

M.W. sanabwerenso. Akuti ali ndi msonkhano. Ulendo uno mbuzi yapulumuka, anadikira kaye uthenga.

Lamulungu, 19 Meyi

Sindinapite kutchalitchi. Madzulo a B. abwera ndi akazi awo atanyamula phava la nthochi. Apemphera bwino, pemphero lalitali, lotchula T. ndi dzina. Atangoti amen, ati, "Mwaona kusamvera? Tinagwirizana kuti ana asapiteko."

Ndinaika kapu pansi kuti ndisawaponyere. Ndati, "Abambo, mwana si mtondo woti mukauimika pakhonde mudzaupeza pomwepo. Inu mwamutsekera pomwe ankasewera, nyanja yamutsekera kwina. Mumafuna akhale pati, pamutu panga?" Akazi awo akuti, "Mtima pansi amake Tione, pali wodwala." Wodwalayo anali kutafuna nthochi akutiyang'ana ngati akuonera filimu.

Ndapempha chinthu chimodzi chokha. Mpando wachikasu uja aumangirire madzulo amodzi, ndimunyamule T. akhalepo pang'ono, ku Lilongwe palibe adzadziwe. A B. anagwira thumba la jekete momwe mumakhala kiyi. Ndinaona kuti akuganiza, ndithu anaganiza. Kenako ati akalola mmodzi, mawa mudzi wonse udzakhala pachipata. "Loweruka likubwerali zatsimikizika. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, mwana uyu adzakhala woyamba kukwera."

T. wamva. Wasiya kutafuna. Ndiye ndikulemba pano kuti pasadzakhale wokana.

Lachiwiri, 21 Meyi

T. akutha tsiku pakhonde, phazi pa ndowa yovundikira. Ntchito yake kundipatsa mapini ndi kundiuza kuti mzere wakhota. Akatopa amakhala pabenchi n'kumayeseza: miyendo kutsogolo, mutu kumbuyo, manja m'mwamba atagwira mpweya. Walamula kale kuti wodzamukankha ndi Natasha, koma pang'onopang'ono poyamba. Natasha wavomera, bola naye adzakhale wachiwiri.

Ana ena akadali kuchigwembe. Magazi anawaopseza tsiku limodzi. Lata lija lidakali pomwepo, angoikapo mwala.

Lachinayi, 23 Meyi

Lero ana aphunzitsidwa kusewera. Sindikunama, ndaona ndi maso.

A Davis ndi a B. asankha ana oti adzasewere pamaso pa M.W., okhala ndi nsapato ndi yunifolomu yosang'ambika. Ku Khuyu atasowa okwanira, abwereka ena ku Chipyela, ana a ogwira ntchito m'maofesi. Awandandalika kunja kwa mpanda. Wina akuimba wezulo, ana akuthamanga mpaka pamzere wojambulidwa pansi, kuyerekeza kukwera, kuyerekeza kutsetsereka, kenako kuseka. Kusekako abwereza kangapo, akuti sikukumveka bwino. M'kati sanalowe, mchenga ungapondedwe.

Natasha sanasankhidwe, alibe nsapato. Mervis wathamanga kukatenga za mchimwene wake wa Natasha. Akuti zazikulu, angagwe pamaso pa mlendo. Mervis wawafunsa ngati pa katungwe amakwera ndi nsapato kapena ndi matako. Amuuza kuti akonze pakamwa, pali ana.

Ndawaitana a Davis. "Tione ali pati pa zimenezi?" Akuti, "Mama, mundimvetse. Kudzakhala ojambula. Mwana wa bandeji pa bwalo lomwe talemba kuti n'lotetezeka, anthu akaona chithunzi adzaganiza kuti wavulalira pomwepo." Ndati, "Ndiye mudzalembe pansi pake kuti anavulalira kunja, akudikira." Sanaseke. A B. ati lonjezo lawo lilipobe. T. adzakhala woyamba ndithu, mwa ana wamba, alendo akadzapita.

Ana wamba. Sindinamuuze T.

Lachisanu, 24 Meyi

Miyala ya m'mbali mwa njira yapakidwa laimu. Kenako wina wakumbukira kuti M.W. akadzaima pachipata n'kuyang'ana kumanzere adzaona chigwembe. Pofika masana amuna anali atamanga mpanda wa udzu wautali wochibisa. Amuna omwewo omwe kuyambira Malichi sanapeze nthawi yozula lata limodzi. Mpanda wake wowongoka bwino, ndiyenera kuwayamikira.

Loweruka, 25 Meyi

Wabwera. Pa ndege. Nthawi yonseyi tinkayang'ana kunyanja, kuiwala kuti anthu otere ali ndi njira ya m'mwamba. Njirayo inalipo kuyambira tsiku loyamba.

M.W. ndi mayi wamsinkhu wanga, nsapato zafulati, wopereka moni ndi manja awiri. Zandikwiyitsa. Ndinali nditakonzekera kudana ndi munthu wamimba wa tayi.

M'mamawa a B. anabwezeretsa mipando, amayi anasesa mchenga mpaka kuoneka ngati ufa pa lichero. Abambo ansembe adalitsa, awaza madzi pa chitsulo chilichonse. Riboni yanga yaduka bwinobwino. Wezulo. Ana a nsapato athamanga. Ndinene zoona, atangokhala pa akatungwe aiwala zonse zomwe anaphunzitsidwa, ayamba kulimbirana, kukuwa, wina wagwa n'kudzuka akuseka. Kuseka kwenikweni, kosafuna kubwereza. Ana athu a ku Khuyu ali kunja, zala pawaya.

T. ndinamukhazika pakhonde. Anavala diresi la kutchalitchi, anasankha yekha. Pa wachikasu panakwera mtsikana wa ku Chipyela wa timikanda kumutu. T. manja anali atagwira m'mbali mwa mpando, thupi likupita kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi mtsikanayo.

Ndinali nditakonza mawu oti ndinene, aafupi, opanda chipongwe. Ndinamubereka T. n'kuyamba kudutsa m'gulu. Ndinafika pafupi ndithu. M.W. anali akusisita chitsulo chotsetserekapo ndi dzanja. Atembenukira kwa a B., pa chimkuzamawu, mudzi wonse ukumva:

"Ndayenda m'maboma ambiri omwe anakhudzidwa ndi madzi. Kwina timapeza zinthu zitathyoka kale tisanatsegule n'komwe. Koma kuno taonani, ngakhale pokandika palibe! A wapampando, pitirizani kusamala chonchi. Ndikanena ku likulu kuti anthu a ku Likoma ndi chitsanzo."

Nthungululu. Ng'oma. A B. anavula magalasi n'kupukuta maso. Analiradi, sanali kuyerekeza. Amayi a gule anandikankhira kumbuyo. Ndinakuwa, "Mayi! Mayi!" Anandiyang'ana, anaona mwana kumsana, anamwetulira n'kutibayibitsa.

Alendo atapita kukadya, ana a nsapato anatulutsidwa. Ndinaima pachipata ndi T. A B. anali akukhoma. Ndati, "Abambo, lonjezo lija." Ati akuthamangira kukaperekeza alendo kubwalo la ndege, sangasiye posatseka. "Mawa, mwanawe. Mawa." T. anatambasula dzanja ali kumsana, anangogwira waya.

Lamulungu, 26 Meyi

Mawa lake ndi lero. Lero ndi Lamulungu, akuti sasewera. Pa zolengeza a B. abwereza mawu onse a M.W., osasiyapo ndi limodzi, mpaka pa "chitsanzo". Anthu aomba m'manja m'tchalitchi.

Lolemba, 27 Meyi

Ulusi wachotsedwa. Bala lapola bwino, namwino akuti aziponda pang'onopang'ono. Pobwerera T. wayenda yekha pena, pena kumsana. Tinadzera pachipata. Chokhoma. Zitsulo zili mbee, mipando yabwerera kwa a B.

Ndawapeza kwawo. Tsopano akuti komiti iyenera kuyamba yakhala pansi n'kupanga malamulo: masiku otsegula, woyang'anira, chilango cha wokanda penti. Ikhala liti? Mlembi wawoloka kupita ku Cobue kumaliro. Komanso a Davis, asanakwere sitima, anawanong'oneza kuti azungu omwe anathandiza bungweli akhoza kubwera mu Ogasiti kudzaona, ndiye pambuyo pa mawu abwino aja sichingakhale chanzeru kuti adzapeze... Pamenepa ndinaimirira n'kutuluka osatsanzika. Amayi anga akanakhala moyo akanandikoka khutu.

T. sanafunse kuti ati chiyani. Ndi zomwe zandiwawa kwambiri. Wangopita kuseri. Nditamutsatira ndamupeza ataima m'mphepete mwa chigwembe, phazi lodwala m'mwamba ngati kakowa, akumulozera Natasha chigubu chomwe chimathamanga kwambiri.

Lachiwiri, 28 Meyi

Makina sindinawavundukule lero. M'mawa ndatenga khasu, ndagogoda kwa Mervis. Sanafunse, wangotenga lake ndi dengu lakale. Tayambira kumtunda kwa chigwembe, kuzula malata limodzilimodzi. Ena azama ngati ali ndi mizu. Misomali, mabotolo, theka la sefuliya, chitseko cha wina ndi zitsulo zake zomwe. T. wakhala pamwala akutilamula: apo, ndi apo, ndi apo pomwe panandicheka. Amayi ena odutsa ndi mitolo atiseka, akuti tafuna ganyu wa boma. Awiri abweranso ndi makasu. Mervis wadzicheka chala, watukwana komiti yonse potchula mayina, kuyambira wapampando.

Masana ndikubwera kudzatenga madzi akumwa, ndaona chipata cha bwalo chili chotsegula. Ndinatsala pang'ono kumuitana T. Kenako atuluka akazi awo a B. ndi malichero opanda kanthu, akhoma, kiyi amumanga pansonga ya chitenje. Atandiona ati, "Miyala ya kudoko yomwe tinkayanikapo ija ili m'madzi, amake Tione, ndipo panjapa mbuzi sizikutipatsa mtendere. Muno ndiye simulowa chinthu."

Ana ali m'mphepete mwa chigwembe ndi zigubu zawo, akudikira kuti timalize. M'bwalo, pasimenti ya phada ndi pachitsulo chotsetserekapo kuchokera pamwamba mpaka pansi, ayanikamo chinangwa cha kondowole.